Ali kalasi 4 koma satha kuwerenga: ndimutumize ku Dedza?

Mayi wina wa ku Dómuè, m'boma la Angónia kuno ku Mozambique, wanditumizira imelo. Mwana wawo wamkazi ali kalasi 4 ndipo sanabwerezepo kalasi, koma akamupatsa buku kunyumba amangolipenya. Zapabolodi amakopera bwino, zilembo zooneka bwino ndithu, koma zomwe walembazo sazimva. Alongo awo a mayiwo akuti mwanayo apite kwa azakhali ake ku Dedza. Palinso wamng'ono amene ayambe sukulu chaka chamawa, ndiye akufunsa ngati kalasi ya bilingue, yophunzitsa m'Chinyanja ndi m'Chipwitikizi, singamuchedwetse Chipwitikizi.

Mayi, mutu wa mwana wanu ulibe vuto. Mwana amene amakopera mosamala chinthu chimene sakuchimva ndi wakhama kale. Chomwe chasokonekera ndi kayendetsedwe ka sukulu.

Kuyambira 2004, ana a pulayimale kuno ku Mozambique sabwereza chaka ndi chaka ngati kale. Makalasi anawaika m'magulu, aja amati ciclo, ndipo mwana amangopitirira mpaka kumapeto kwa gululo. Maganizo ake sanali oipa, chifukwa mwana wobwerezabwereza amatopa n'kusiya. Koma njira imeneyi imafuna mphunzitsi wodziwa pamene mwana aliyense wafika. Tsono mphunzitsi amene ana amudzadzira mpaka pakhomo, ndipo masana akudikiridwa ndi gulu lina, angamvetsere liti mwana mmodzimmodzi akuwerenga? Mayina amangokwera pamndandanda.

Chachikulu kwa ine ndi chilankhulo. Mwana wa ku Dómuè amafika kusukulu akudziwa kufotokoza, kutsutsa, ngakhale kuponya ndagi, zonsezo m'Chinyanja. Tsiku loyamba lomwelo timamusenzetsa ntchito ziwiri: aphunzire kuti zilembo zimaimira mawu, komanso aphunzire mawuwo m'chilankhulo chimene sanachimvepo kwa amake. Akalephera timati ndi mbuli. Amene amapulumuka ndi ana a aphunzitsi, a anamwino ndi a m'tauni ya Ulongué, oti Chipwitikizi amachimva pakhomo. Sukulu yotere sinapangidwire ana onse.

Nkhani ya bilingue si yachilendo ku Tete. Pakati pa 1993 ndi 1997 boma linayesa njirayi pansi pa ntchito ya PEBIMO, m'Chinyanja kuno kwathu ndi m'Chichangana ku Gaza, ndipo pambuyo pake inalowa m'sukulu za boma. Mwana amayamba kuwerenga ndi kulemba m'chilankhulo chake, Chipwitikizi n'kumachiphunzira cholankhula kaye, kenako n'kumasinthira pang'onopang'ono. Kuwerenga munthu amaphunzira kamodzi kokha. Wodziwa kulumikiza "ma" ndi "la" m'Chinyanja sayambiranso akakumana ndi "mala" ya Chipwitikizi. Wamng'onoyo mulembetseni ku bilingue, osaopa. Kungoti mukafunsiretu zinthu ziwiri: kodi mabuku a Chinyanja alipo, ndipo mphunzitsi wa kalasi 1 amachilankhuladi? Kuli aphunzitsi amene anatumizidwa kuno kuchokera kuzigawo zina, anthu odziwa ntchito, koma Chinyanja chawo n'cha moni basi. Bilingue yopanda buku ndi mphunzitsi woyenera ndi dzina chabe.

Za ku Dedza ine sindikuvomereza. N'zoona kuti ku Malawi makalasi oyambirira amagwiritsa ntchito Chichewa kwambiri, koma nakonso ana amathithikana m'kalasi, ndipo kutsogoloko n'Chingerezi. Akadzabwerera alibe Chipwitikizi, sekondale akaiyamba bwanji? Ntchito ya ku Moatize kapena mumzinda wa Tete akaipeza bwanji?

Nthawi nayo yafupika. Lamulo la maphunziro la 2018 linati mwana aliyense aziphunzira mpaka kalasi 9, ndipo pulayimale tsopano imathera kalasi 6. Wanu wa kalasi 4 uja watsala ndi zaka ziwiri kuti akakumane ndi aphunzitsi ambirimbiri, aliyense ndi phunziro lake, opanda woti n'kumubwezera ku a, e, i, o, u.

Choncho yambani sabata ino. Madzulo mutengereni buku la nyimbo la kutchalitchi, musankhe nyimbo imene amaiimba kale pamtima, aziloza mawu ndi chala uku akuimba pang'onopang'ono. Kenako phimbani mzere wonse, musiye liwu limodzi, alitchule. Mphindi zochepa tsiku lililonse zimakwanira. Ndipo nthawi yokumba kachewere kapena yosoka fodya musamujombetse, ngakhale ndikudziwa kuti manja amachepa pamunda.

Kusukulu musapite nokha. Sukulu iliyonse imayenera kukhala ndi komiti ija amati conselho de escola, momwe makolo ali ndi mipando. Tenganani ndi amayi anzanu atatu kapena anayi, mukapemphe kuti ana a kalasi 3 ndi 4 ayesedwe kuwerenga mokweza mmodzimmodzi, ndipo otsalira apatsidwe ola lawolawo, ngakhale pansi pa mtengo. Akakuonetsani mndandanda wa okhoza, inu nenani mwaulemu kuti mwabwera kudzamva ana akuwerenga.