Za ulendo wa ku Tirupati mwafunsawu asisi

Asisi, mwati banja la mnzanu wa ku Chennai lakuitanani kuti mupite nawo ku kachisi wa Tirupati ndiye mukufunsa ngati amalola munthu woti si Mhindu, muvale chani komanso pafunika ndalama zingati. Ndiyambe ndi loyambalo chifukwa mpomwe pagona nkhani, enawa mu ma comment angoti "pitani mukajambule" koma kumeneko si kojambula ayi, foni imene salola kulowa nayo.

Kulola amalola, koma pali fomu. Bungwe lomwe limayendetsa kachisiyu, TTD, lili ndi lamulo loti munthu wachipembedzo china asaine kuti ali ndi chikhulupiriro ndi ulemu kwa Venkateswara, mulungu wa pamenepo, yemwe iwo amati ndi Vishnu amene, mmodzi wa milungu yaikulu ya Ahindu. Ndiye ngati ndinu wa mpingo kapena wa ku mzikiti liganizireni muli kunyumba, osati mukadabwe nalo muli pa layini banja la eni ake likukudikirani. Ineyo ndinasaina nditaganiza kaye, mnzanga wina wa kwathu konkuno anakana n'kutsala panja ndipo palibe anamunyoza. Komanso kulalikira kapena kugawa timapepala ta mpingo paphiripo ndi mlandu, mowa, fodya ndi nyama nzoletsedwa, amasecha zikwama pa geti ya Alipiri musanakwere.

Tirupati ndi tawuni ya m'munsi, ku Andhra Pradesh, pa sitima kuchokera ku Chennai ndi maola atatu kapena kupitirirako. Kachisi weniweniyo ali pamwamba, ku Tirumala, pa mapiri 7 a kumeneko. Mabasi amakwera tsiku lonse koma anthu ambiri amene analonjeza kanthu kwa mulungu wawo amakwera wapansi, njira ya Alipiri ili ndi masitepe 3,550, ina ya Srivari Mettu ndi yachidule koma yotsetsereka kwambiri. Afunseni anzanuwo msanga kuti mudzera iti chifukwa ngati analonjeza wapansi sasintha, ndipo ambiri amakwera opanda nsapato. Mudzaona azimayi akupaka turmeric ndi ufa wofiira uja pa sitepe iliyonse, kuwerama ka 3,550 konse, ena ndi mwana m'manja, ndipo anthu akufuula "Govinda, Govinda", dzina lina la mulungu wawoyo, njira yonse mpaka nanunso pakamwa pamayamba kutsatira pokha. Musatsalire m'mbuyo nokha kukada, muli akambuku m'nkhalangomo, mu 2023 anapha kamtsikana pa njira ya Alipiri yomweyo.

Zovala, tengani saree kapena churidar yokhala ndi nsalu ya paphewa ija, amuna dhoti kapena kurta ndi thalauza lake. Jinzi, leggings, kabudula ayi. Bwerekani kwa mnzanuyo kapena mugule ku T Nagar, dera la mashopu ku Chennai, sizodula. Pasipoti musaiwale, tikiti amaiyang'ana limodzi ndi chiphaso.

Za ndalama, kulowa kwaulere kulipo koma mumalipira ndi nthawi. Pa tsiku wamba pamabwera anthu 60,000 mpaka 80,000, amakuikani m'zipinda zodikiriramo za Vaikuntam Queue Complex, chitseko n'kutseka, muli mabenchi, TV, zimbudzi, amabweretsa mkaka ndi chakudya, kenako amatsegula gulu lanu n'kusuntha, zikhoza kutenga theka la tsiku, pa zikondwerero tsiku lathunthu. Ilipo tikiti ya 300 rupees yomwe imachepetsa kudikira kufika maola ochepa koma amagulitsa pa intaneti miyezi ingapo isanafike nthawi ndipo imatha msanga, ndiye uzani banjalo likuwerengereni pobuka. Munthu wokuuzani panjira kuti ali ndi tikiti yachidule musamumvere. Ndipo ngati mungasankhe, pewani zikondwerero za Brahmotsavam cha mu Seputembala kapena Okutobala ndi Vaikunta Ekadasi cha mu Disembala kapena Januwale, mu Januwale 2025 anthu 6 anafa poponderezana pa layini ya ma token olowera m'kachisi m'tawuni ya Tirupati.

Tsono chimene anthu sakuuzani ndi ichi, mukadikira maola onsewo kuona fanolo ndi masekondi basi. Mumadutsa pansi pa denga lagolide lija, kulowa kamdima konunkhira camphor ndi mafuta a nyali, kutsogolo kuli fano lakuda lalitali lokutidwa ndi maluwa ndi golide, pamphumi chizindikiro choyera chachikulu chophimba maso, musanayang'anitsitse n'komwe ogwira ntchito akukokani kale pamkono kuti sunthani. Wokaona malo amatuluka atakhumudwa kuti ndavutikira zomwezi? Koma tayang'anani nkhope za amene muli nawo potuluka, agogo akulira, bambo wamkulu ndi ndevu zake manja ali pamutu. Iwo sabwera kudzayang'ana zomanga, amati darshan, iwe umuone mulungu nayenso akuone, ndiye masekondiwo amawakwanira. N'chifukwa chake ndikuti mukavomera kupita pitani mwa iwo, layiniyo musaidandaule mokweza.

Kumeta. Mudzaona mipala paliponse, amuna, akazi, makanda, amameta ku Kalyanakatta kwaulere ngati chopereka, tsitsilo TTD imaligulitsa ndipo lina limathera m'mawigi ndi ma weave omwe timagula aja, kkkk. Palibe okukakamizani, ena amangodula timanyenje titatu. Za ndalama zomwe anthu amaponya mu hundi, chithumba chachikulu cha zopereka, nkhani yawo imati Venkateswara anakongola chuma kwa Kubera, mulungu wa chuma, kuti akwatire Padmavathi ndiye anthu ake akumuthandiza kubweza mpaka lero. Mukamva zimenezo simudabwanso kuona mayi akuvula ndolo zagolide n'kuponyamo. Ndipo sizinayambe dzulo, pali zolemba pamiyala za mfumukazi Samavai yomwe inapereka mphatso mu 966, mfumu Krishnadevaraya wa ufumu wa Vijayanagara anabwera kangapo m'zaka za m'ma 1510 ndi golide, chifanizo chake ndi akazi ake awiri chili cha pakhomo polowera, ambiri amachidutsa osachiona chifukwa cha kukankhana.

Potuluka mudzalandira laddu, chimpira chotsekemera cha ufa wa chana, shuga, ghee, cashew ndi mphesa zouma, kukula ngati chibakera cha mwana. Imodzi ndi yaulere, zoonjezera zinali 50 rupees. Ndi chakudya chopatulika kwa iwo, landirani ndi dzanja lamanja, ngati chikumbumtima chanu sichikulola kudya mupatseni mnzanuyo mwakachetechete osati kutaya. Mpunga ndi ndiwo zamasamba amagawa ulere ku holo yaikulu ya annaprasadam, njala simufa nayo, tsabola yekha ndiye konzekani.

China chimodzi, mabanja ambiri satumiza mayi ku kachisi ali kumwezi, ndiye onani kalendala yanu muuzane ndi mnzanuyo asanabuke. Ndipo musapange mapulani a tsiku lotsatira, ambiri akatsika amapitanso ku Tiruchanur kwa Padmavathi, pafupi ndi tawuni, kumenekonso kuli layini yake, miyendo idzakhala itatupa kale.