Filimu yathu ndi yoopsa koma anthu akungoseka, tikulakwitsa pati?

FUNSO: Ba Mkonzi, ine ndi anzanga atatu tikujambula kafilimu ndi foni, nkhani yake ndi ya mtsikana wa pa buthu ya mobile money amene akulondoledwa ndi munthu wofuna kumubera. Wakubayo tinamuveka zakuda zokhazokha, magalasi akuda ndi chipewa chobisa nkhope, koma titaonetsa anthu kunyumba anangoseka, olo mmodzi wochita mantha. Kodi tigule mfuti ya chidole ndi magazi abodza? Ndalama zathu ndi zochepa. Ndine wowerenga wanu wa ku Chawama.

YANKHO: Mphwanga, mfutiyo isiyeni kaye, komanso kuthamanga nayo mu komboni anthu asakudziwa kuti mukujambula mutha kupezeka mwagwidwa kapena kumenyedwa zenizeni. Anthu anaseka chifukwa munawauza zonse pa mphindi yoyamba. Munthu wa magalasi akuda usiku ngakhale mwana akudziwa kuti uyu ndi kawalala, ndiye adikirenso chani?

Mtima umagunda pamene woonera akudziwa kanthu kamene mtsikana uja sakudziwa. Katswiri wa mafilimu oopsa Alfred Hitchcock ankafotokoza ndi bomba: anthu akucheza patebulo bomba n'kuphulika mwadzidzidzi, mudzidzimuka masekondi ochepa basi, koma akakuonetsani bombalo pansi pa tebulo poyamba ndi wotchi ili pakhoma, macheza wamba omwewo mumawamvera mtima uli m'mwamba mpaka kufuna kuwakuwira kuti thawani.

Ndiye tiyambe ndi zovala. Pitani pa salaula ku Soweto mukamugulire malaya abwinobwino, aoneke ngati bambo woti mungakhale naye mpando umodzi mu minibasi osamuganizira chilichonse. Koma mumupatse chizindikiro chimodzi chokha, tinene nsapato zakuda koma yakumanzere yomangidwa ndi chingwe chofiira. Poyamba tionetseni mapazi okha, usiku, ataima panja pa chitseko cha mtsikanayo, nkhope ayi. Mawa lake masana pa buthu pali mzere, bambo waulemu akupereka moni, mtsikana akuseka akuwerenga chenji, kamera n'kutsika pang'onopang'ono mpaka pa chingwe chofiira chija. Apo palibe angaseke, ndikukutsimikizirani. Zovala zimalankhula mwakachetechete chonchi, mu filimu ya Psycho ya 1960 mayi wotchedwa Marion asanabe $40,000 zovala zake zamkati ndi zoyera, atangoba wavala zakuda, ndipo palibe amene amatchula zimenezo pakamwa. Magazi amene mukufuna kugulawo, mu filimu yomweyo anali manyuchi a chokoleti chifukwa inali yopanda mitundu, yakuda ndi yoyera.

Za malo musasirire nyumba za ku Kabulonga, zimandiwawa kuona achinyamata akubwereka nyumba ya mpanda wamagetsi pomwe Chawama yomweyo ili ndi zonse. Tinjira topanikiza pakati pa mipanda ya mabuloko, chimbudzi chapanja choti usiku uyende kamtunda, malata oti mwala ukagwa aliyense adzuka. Chofunika ndi kutiphunzitsa malowo kukuwala. Tionetseni masana kuti geti ya pakhomo imavuta, mpaka uyinyamule pang'ono ndiye itseguke, mtsikana akudandaula kuti alandilodi sakonza, ife tikungoti ndi nkhani wamba. Ndiye usiku akuthamanga kulunjika pa geti ija, woonera wakumbukira kale iye asanafike, ndi pamene anthu amayamba kusuntha pampando.

Katundu wogwira m'manja nayenso safuna ndalama. Magetsi akazima kandulo ndi wotchi yanu, yatsani yayitali ndipo nthawi iliyonse tikabwerera m'chipindamo ikhale yafupikirako. Batire ya foni pa 3%. Chikwama cha ndalama za pa buthu chimene zipi yake sitseka bwino. Pojambula filimu ya Jaws ya 1975, ya chinsomba chodya anthu, chinsomba cha makina chimene anapanga chinkangowonongeka m'madzi a mchere, wotsogolera filimuyo Steven Spielberg n'kumationetsa migolo yachikasu yomangidwa ku chinsombacho ikuyandama, mgolo ukatumphuka aliyense akudziwa kuti chilombo chili pansi pompo ngakhale sakuchiona. Kwathu konkuno Rungano Nyoni mu filimu yake ya I Am Not a Witch ya 2017 anagwiritsa ntchito riboni yoyera yomangidwa kumsana kwa amayi onenedwa ufiti, filimuyo si ya zigawenga koma maso sachoka pa riboniyo, umangofuna kudziwa ngati kamtsikana ka mu filimuyo kadzaidule. Musachulutse, zinthu ziwiri kapena zitatu zakwana, ndipo chilichonse chimene kamera yaima pa icho chidzagwire ntchito kutsogolo, apo ayi woonera amamva kuti mwamunamiza.

Chimodzi chimene chimagwetsa mafilimu ambiri a pa foni: mujambula Loweruka, mubwereranso Loweruka linalo, chingwe chofiira chasamukira ku nsapato yakumanja, kandulo yatalikanso. Musankhe mmodzi mwa anzanuwo ntchito yake ikhale kujambula zithunzi za zovala ndi katundu tsiku lililonse mukamaliza, zovalazo azisunga yekha mu chikwama chimodzi, wosewera asapite nazo kunyumba. Ndipo makandulo mugule paketi yonse mudule misinkhu yosiyana musanayambe.