Bedi lamatabwa la agogo: ndi la liti, nanga lingagulidwe ndalama zingati?

Funso: Ndasiyiridwa bedi lamatabwa lomwe ankagonapo agogo anga. Ndi lolemera kwambiri, lofiirira modera, kumutu kwake kuli maluwa osema, ndipo m'makona muli mabawuti ataliatali. Palibe kalata kapena lisiti lililonse. Pali munthu akulifuna, koma achimwene anga akuti tiyambe talipala ndi sandipepa n'kulipaka vanishi kuti liwale. Ndingadziwe bwanji zaka zake ndi mtengo wake woyenera?

Yankho: Mayi, choyamba apempheni achimwene anuwo kuti asunge kaye sandipepayo. Ngati bedilo ndi lakaledi, kuderako ndiye umboni wa zaka zake, ndipo ogula zinthu zakale amalipira chifukwa cha umboniwo. Mukapala, simungaubwezeretsenso. Fufutani fumbi ndi nsalu youma, basi.

Zaka za bedi sizioneka pa maluwa osemawo, chifukwa amisiri amatengera masitayilo akale mpaka lero. Zimaoneka pamalo pomwe mmisiri sankayembekezera kuti wina adzayang'anapo. Chotsani matiresi, tengani tochi, muunike kuseli kwa thabwa la kumutu ndi m'kati mwa matabwa a m'mbali. Mukaunika chopendeketsa mudzaona mapazi a sowo. Mizere yowongoka koma yosafanana mipata imasonyeza sowo ya pamanja. Mizere yokhota ngati uta ndi ya sowo yozungulira ya makina, yomwe idafala chapakati pa zaka za m'ma 1800. Yendetsaninso chikhatho pathabwapo: puleni ya pamanja imasiya timafunde tomwe dzanja limamva ngakhale diso lisakuona.

Kenako masulani sikuluwu imodzi pamalo obisika, modekha, ndi sikuludiraiva yokwanira bwino. Masikuluwu a zaka za m'ma 1840 zisanafike anali osasongoka kumapeto, ndipo mng'alu wa pamutu nthawi zambiri sunkakhala pakati penipeni. Sikuluwu ya mutu wa mtanda, ya Phillips, idayamba m'ma 1930. Misomali nayo imalankhula: ya makona anayi ndi yakale, yobulungira yomwe timaidziwa lero idafala kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Koma musaweruze ndi sikuluwu imodzi. Bedi limamasulidwa nthawi zonse anthu akamasamuka, ndiye chitsulo chatsopano chikhoza kungokhala cha wokonza wina. Mukachipeza, onani ngati pambali pake pali bowo lakale lotsekedwa. Chomwe chimathetsa nkhani ndi matabwa a utuchi wopanikiza ndi guluu: amenewa adafala nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, ndiye ngati ali m'thupi lenileni la bedi, si la zaka 100.

Mabawuti mwanenawo ndi chizindikiro chabwino, pakuti mabedi akale ankamangidwa ndi bawuti yaitali yodutsa mumwendo n'kukagwira nati yobisika m'thabwa la m'mbali. Onaninso ngati matabwa a m'mbaliwo ali ndi mzere wa mabowo kapena wa zikhomo. Mmenemo munkadutsa chingwe chonyamula matiresi masipuling'i asanafale. Chizindikiro china chomwe ine ndimachikhulupirira kwambiri ndi kufota kwa thabwa. Thabwa limafota m'lifupi, m'litali ayi. Choncho mwendo womwe udasemedwa wobulungira umakhala utaphwatalala pang'ono pakapita zaka zambiri. Yezani kunenepa kwake mbali ziwiri zopingasana. Mukapeza kusiyana kwa milimita imodzi kapena awiri, nthawi ndiyo idachita zimenezo.

Pa zopaka, nyowetsani kathonje ndi spiriti, mukhudze pamalo obisika. Pakayamba kumata, ndi shelaki, mtundu wakale wa vanishi, yomwe inkagwiritsidwa ntchito kwambiri mpaka m'ma 1920. Vanishi wamakono wa polyurethane sasungunuka ndi spiriti. Mtundu wa mtengo musauweruze ndi kufiira kwa kunja, chifukwa paini wopakidwa mankhwala amanamiza ngati mahogany. Yang'anani m'kati mosapakidwa, mudinde ndi chikhadabo: paini amalowa, oak ndi mitengo ina yolimba salowa.

Tsopano za ndalama. Pamsika wa zinthu zakale, chinthu chimawerengedwa kuti ndi chamakedzana chikakwana zaka 100, koma ukalamba pawokha sukweza mtengo. Chofunika kwambiri n'chakuti ziwalo zonse zikhale za bedi limodzi. Mabedi ambiri ndi ophatikiza: kumutu kwa bedi lina, matabwa a m'mbali a lina. Mudzazindikira poona kusiyana kwa mtundu wa thabwa ndi mabowo osakumana. Ena adawonjezeredwa kuti alandire matiresi amakono, pakuti masaizi akuluakulu a queen ndi king adatchuka m'ma 1950 ndi 1960. Bedi lopapatiza kuposa masentimita 137 a dabulo limavuta kugulitsa, chifukwa wogula ayenera kusoketsa matiresi akeake. Kufumbwa nako kumatsitsa mtengo. Ikani pepala lakuda pansi pa timabowo ta kufumbwako kwa masiku angapo. Mukapeza kaufa koyera, tizilombo tikadali m'kati ndipo bedilo lifunika mankhwala. Chokweza mtengo ndi chidindo kapena kapepala ka wopanga, choncho mukapeza kapepala kong'ambika kuseli musakamatule. Chithunzi chakale chooneka bedilo m'nyumba ya agogo nachonso ndi umboni.

Mukamayerekeza ndi mabedi ena pa intaneti, onani ndalama zomwe adagulidwadi pa okushoni, osati zomwe ogulitsa akuitanira. Ndipo wofuna kugulayo asakhale yemweyo wokuuzani mtengo. Pezani katswiri yemwe sakufuna kugula bedilo, wolipiritsa ndalama yokhazikika osati gawo la mtengo womwe atchule, mumuuze kuti mukufuna mtengo wogulitsira, chifukwa wa inshuwalansi umakhala wokwererapo. Mumutumizire zithunzi za kuseli, za m'makona molumikizira, za sikuluwu mwamasulayo ndi miyeso ya m'litali ndi m'lifupi, ndipo wogulayo adikire mpaka yankho litabwera.