Kodi obwera amasanduka liti eni mudzi?

Sabata yatha ndidalandira imelo kuchokera kwa mayi wina yemwe akukhala kufupi ndi Limbuli. Iwo, amuna awo ndi ana atatu adawoloka kuchokera ku Milange zaka zitatu zapitazo. Bambowo amathyola tiyi pa esiteti, mayiwo amagulitsa tomato. Chichewa amalankhula bwinobwino, komabe pa mjigo amayi anzawo amangoyankha moni nkhani n'kuthera pomwepo, ndipo ana kusukulu amanenedwa kuti "a ku Mozambiki". Funso lawo n'loti: tidzakhala liti anthu a pano?

Mayi, nditawerenga ndidayamba ndaseka kaye, mundikhululukire. Ndimaseka ife a ku Mulanje ndi Thyolo, chifukwa ambiri mwa amene akukutchani obwerawo, agogo awo adawoloka Muloza yemweyo. Alomwe adalowa muno mwaunyinji kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 mpaka cha m'ma 1930, kuthawa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Atafika adapeza malo abwino ali m'manja mwa azungu a maesiteti, ndiye adakhala pa thangata: ukagwire ntchito kwa mwini malo kuti akulole kumanga kanyumba ndi kulima kamunda. Ankawatcha Anguru, dzina lachipongwe, mpaka Lewis Bandawe ndi anzake adayambitsa bungwe la Alomwe mu 1943 n'kumenyera kuti dzinalo lileke. Agogo anga aakazi Chilomwe ankalankhulira kukhitchini kokha. Mlendo akangoti odi, ankatembenukira ku Chinyanja ngati wina watseka wailesi. Lero adzukulu awo amavala nsalu ya Mulhako wa Alhomwe n'kukavina tchopa pa Chonde mwezi wa Okutobala. Ena mwa iwo ndi omwe akukuyang'anani chammbali pa mjigopo.

Koma mbiri siyikuthandizani mawa m'mawa, ndiye tikambe za mudzi.

Kwathu kuno n'kwa chikamwini. Mwamuna aliyense ndi mlendo kumudzi kwa mkazi wake, ndipo malo amayenda kudzera mwa amayi. N'chifukwa chake mnyamata wa ku Milange akakwatira ku Muloza savutika kwenikweni: ali ndi apongozi, ali ndi alamu, ali ndi pomwe angaloze kuti apa ndi pakhomo. Inu mwabwera banja lonse, mulibe mbumba, mulibe ankhoswe a pafupi, munda ndi wobwereka. Anthu sakukudani, koma akusowa pokuikani. Sadziwa kuti akutcheni azakhali a yani, kapena mukalakwa akakuuze ndani.

Malo oyamba omwe mudzi umamuika munthu ndi pa maliro. Ndaziona ndekha. Nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, pomwe anthu opitirira miliyoni imodzi adathawira m'Malawi muno, ambiri a mbali ino sadapite ku misasa, adangolowa m'midzi. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome mu 1992 ochuluka adabwerera, koma kwathu kudatsala banja lina. Mayi wa pakhomopo sankalankhulalankhula. Koma uthenga wa maliro ukangomveka, iye ndiye anali woyamba kufika ndi mtolo wa nkhuni pamutu ndi kambale ka ufa. Sankakhala pa mkeka kudikira kuti amulonjere. Ankapita kuseri kwa nyumba komwe kuli utsi, n'kugwira mthiko wa mphika waukulu uja womwe aliyense amauzemba. Amuna ake ankalawira ndi khasu limodzi ndi adzukulu okumba manda. Patapita zaka mwana wawo adamwalira, ndipo panalibe yemwe adafunsa ngati thupi lipite kwawo. Amfumu adangoloza malo kumanda a mudzi.

Ndiye funso langa kwa inu: pomwe amasonkha ufa ndi ndalama ya chipepeso, dzina lanu lilimo m'kope la a nyakwawa? Ngati mulibe, pitani ndi amuna anu mukapemphe kuti akulembeni, ngakhale osonkhetsawo akhala akudumpha khomo lanu. Mwina amakudumphani chifukwa chokuchitirani manyazi, koma kudumphidwa pa chopereka n'kowawa kuposa kunenedwa pa mjigo.

Zina n'zachidule. Lowani banki m'khonde. Amayi amene mumasunga nawo ndalama sabata ndi sabata sangakhalitse osadziwa za mwana wanu wodwala. Kutchalitchi musamangothera pa Sande, pitani kumphakati kapena ku Mvano, komwe anthu amakumana ochepa n'kudziwana makomo. Mapepala anu okhalira m'dziko muno akhalenso olongosoka ku Immigration. Tidaona mu 2023 momwe boma lidasonkhanitsira othawa kwawo amene adakhazikika m'matauni n'kuwabweza ku Dzaleka, ena atakhala ndi anansi awo zaka zambirimbiri. Chikondi cha anansi sichidawateteze.

Pali chimodzi chomwe sindingakulangizeni, n'chakuti mubise kwanu. Agogo anga adatero, ndipo zotsatira zake ndi ine: Mlomwe wosatha kupanga chiganizo chimodzi m'Chilomwe, wongodziwa kalongonda ndi kuvina. Ana anu akamanenedwa, musawauze kuti azikana. Auzeni akafunse agogo a mnzawo wonenayo kuti amayi awo adabadwira kuti. Kawirikawiri yankho likhala phiri lina la tsidya lija. Kachipwitikizi komwe ali nako asakataye, pa msika wa Limbuli kamagwira ntchito tsiku ndi tsiku.

Zoti zitenga zaka zingati, mayi, zimasiyana khomo ndi khomo, ndipo alipo ena omwe adzakutchani obwera mpaka imvi. Mayi wa kwathu uja adandiuza kuti iye adazindikira tsiku lina pa siwa, mayi wina wachikulire atamukalipira pagulu kuti wachedwa ndi madzi ndipo ndiwo zapserera. Akuti adapita kukatunga madziwo akuseka yekha njira yonse, chifukwa kwa zaka zinayi aliyense ankangomuuza kuti "pumulani, ndinu alendo".