Yankho: Kodi wophunzitsa pa yunivesite aliyense amakhala ndi PhD?

Achimwene, mwafunsa ngati munthu angaphunzitse pa yunivesite wopanda PhD (digiri yapamwamba ya kafukufuku), komanso ngati njira yake ndi imodzi m'maphunziro onse. N'zotheka, koma njira si imodzi ayi, zimatengera gawo limene mukufuna.

Ku sayansi, monga physics kapena biology, PhD ndi poyambira chabe. Ambiri akaimaliza amagwira kaye ntchito ya kafukufuku yotchedwa postdoc kwa zaka zingapo, pa kontrakiti yaifupi, mu labotale ya pulofesa wina. Akamafunsira ntchito, komiti imayang'ana zimene adasindikiza m'magazini a akatswiri ndi ndalama za kafukufuku zimene adapeza. Ku maphunziro a mbiri yakale, buku limene udalemba ndilo limakuyankhulira kwambiri.

Zamalamulo, zachipatala ndi zoimba n'zina. Dokotala wa opaleshoni amaphunzitsa ataima pambali pa bedi la wodwala, ndipo chomupatsa ulemu ndi zaka zake pantchito, ngakhale alibe PhD. Ine ndimaona kuti ophunzira amapindula kwambiri ndi anthu otere.

Mayikonso amasiyana. Ku Germany ambiri amawonjezera Habilitation, chiyeneretso china chowalola kukhala pulofesa, akamaliza PhD. Ku America, assistant professor (pulofesa wongoyamba kumene) amaunikidwa pakatha zaka pafupifupi 6 kuti apatsidwe tenure, ntchito yokhazikika.

Alipo ena olambalala njirayi: Freeman Dyson adakhala pulofesa wa physics pa yunivesite ya Cornell ku America mu 1951 wopanda PhD. Koma musadalire zimenezo, masiku ano n'zosowa kwambiri.

Lowani pa webusayiti ya dipatimenti imene mukuifuna, muwerenge ma CV a omwe adalembedwa ntchito posachedwapa, osati a akuluakulu akale.