Uchoke m'bandimo kapena ukhale? Yankho kwa mnzanga wa sakisafoni

Mng'ono wanga, imelo yako ndaiwerenga katatu. Ukuti watha zaka zinayi ukuliza sakisafoni m'bandi ya funk ndi soul, nthawi zonse uli kumbuyo kwa woimba, ndiye ukufunsa ngati uchoke ukayambe yako, komanso ngati kuphunzira chitoliro n'kutaya nthawi.

Wandigunda pachilonda. Inenso ndinaimapo kumbuyoko, m'maukwati ndi m'mahotela. Usiku wina titamaliza kuimba paukwati, mwini bandi anatiuza kuti ndalama zonse zathera pa galimoto ndi zokuzira mawu. Ndinabwerera kunyumba wapansi, sakisafoni ili kumsana, milomo itatupa. Mayi anga sanandifunse kanthu, anangonditenthetsera ndiwo. Mpaka lero zimandiwawa. Nthawi imeneyo ndi imene ndinayamba kutsata moyo wa Maceo Parker, katswiri woliza sakisafoni wa ku America.

Maceo anabadwira ku Kinston, North Carolina, mu 1943. Mu 1964 James Brown, woimba wotchuka wa funk ndi soul, ankafuna Melvin, m'bale wake wa Maceo woimba ng'oma, ndipo Maceo analowera pomwepo, napatsidwa baritone, sakisafoni yaikulu ya mawu apansi. Brown ankadula malipiro a oimba akalakwitsa. Mu 1970 anyamata ambiri anatopa nazo n'kumusiya, ndipo Maceo anayambitsa gulu la Maceo & All the King's Men. Silinakhalitse. Anabwerera kwa Brown, kenaka mu 1975 iye ndi Fred Wesley wa lipenga la trombone anapita kwa George Clinton, mtsogoleri wina wa mabandi a funk. Anadzabwereranso kwa Brown mu 1984. Anayamba kudzaza maholo pa dzina lake m'ma 1990, zaka zake zikuyandikira 50, pambuyo pake n'kudzaimbanso ndi woimba wotchuka Prince.

Ndiye amene amati kumbuyo ndi malo a olephera sadziwa funk, ndipo sindimumvera. Mu funk sakisafoni imagwira ntchito ngati ng'oma. Umailiza pang'ono, n'kukhala chete, n'kulowanso pamodzi ndi lipenga ngati pakamwa m'pamodzi. Kukhala chete kumeneko sungakuphunzire wekha m'chipinda. Brown ankaitana Maceo ndi dzina pa siteji chifukwa Maceo ankadziwa nthawi yolowera. N'chifukwa chake zimandinyansa ndikaona mabandi akuchotsa oliza malipenga n'kuika mawu awo pa kiyibodi. Kiyibodi siipuma mpweya, ndipo ovina amamva kusiyanako ngakhale asakutchule.

Za chitoliro ndi malipiro

Chitoliro phunzira, Maceo yemwe ankachiliza. Zala zimayenda mofanana kwambiri ndi pa sakisafoni, chovuta ndi milomo, poti palibe bango loikapo mlomo. Nyimbo zofatsa za soul zimachifuna, ndipo woliza ziwiri amaitanidwa kawirikawiri.

Pakali pano usachoke. Gulu lakolo liyambe pambali, masiku amene bandi ilibe ntchito. Koma mwini bandi azikulembera malipiro pa WhatsApp musanakweze zida m'galimoto. Akakana kawiri, nyamula sakisafoni yako uzipita.