Ndikufuna kukhala wrestler, bambo akuti ndapenga

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mnyamata wa zaka 19 wa ku Lilongwe, dzina ndasunga. Akuti:

"Alangizi, ndinalemba MSCE chaka chatha ndinapeza mapointi 21. Wrestling ndinayamba kuonera ndili sitandade 6 ndipo ndi chokhacho chimene ndikufuna kuchita pa moyo wanga. Sindikulota za WWE, kampani yaikulu ija ya wrestling ya ku America, pompano ayi, ndikufuna ndiyambe ngati wrestler woyima payekha, wa ma indie, adzandione okha. Ine ndi anzanga timapanga pulakatisi pa matiresi kuseri kwa nyumba, timajambula pa foni. Bambo akuti ndapenga, akufuna ndikachite accounting, ndikakana akuti ndichoke pakhomo pawo. Chaka chino sindinaapulaye kulikonse. Ndipange bwanji?"

Mphwanga, makalata otere amabwera pafupipafupi, lero wrestling, mawa mpira, mkuja wina akufuna kukhala DJ, ndipo chimene chimandikwiyitsa si maloto anuwo ayi, ndi mawu awa akuti "sindinaapulaye kulikonse". Chaka chathunthu chapita uli pa matiresi. Bambo ako sunawagonjetse, wangodzilanga wekha basi.

Tiye tikambe kaye za ntchito ukuifunayo, chifukwa ndikuona ngati umaidziwa pa sikirini pokha. Wrestler wa ma indie alibe bwana, alibe salale, alibe inshuwaransi yoti wina amulipirire. Amadikira promota amuyimbire kuti Loweruka kuli shoo ku holo yakuti, amapita yekha, mafuta ake, malo ogona ake, zovala za mu ring anasoketsa ndi ndalama zake. Ku America ndi ku UK kumene ma shoo otere ali mbwee, oyamba kumene ambiri amalandira kandalama kosakwana ngakhale mafuta a ulendowo, ena amangopatsidwa chakudya ndi zikomo, ndiye akatsika mu ring thukuta lili kamukamu amakaima pa tebulo pakhomo kugulitsa ma T-shirt ndi zithunzi zawo kuti abweze ya thiransipoti. Lolemba m'mawa ali ku ntchito ina, ku sitolo, ku jimu, ku ofesi. Ndiwo moyo wa ma indie umenewo, ndi bizinesi ya munthu m'modzi imene mpamba wake ndi thupi lako lomwelo, ukathyoka bondo shopu yatsekedwa.

Ndipo kumeneko ndi kumene kuli ma promota. Tandiuza, ndani pa Lilongwe pano amene azikuyimbira foni Loweruka lililonse n'kukulipira? Funso limeneli usalidumphe.

Za "adzandione okha" nazonso tiziwongole. Bryan Danielson, amene ambiri amamuika pa gulu la akatswiri enieni, anayamba mu 1999 ndipo anazungulira m'maholo ang'onoang'ono ndi ku Japan zaka pafupifupi khumi asanakhazikike ku WWE. AJ Styles anakhazikika ku WWE mu 2016 ali ndi zaka 38. Amenewa ndi amene zinawayendera, anzawo ambirimbiri amene anayamba nawo palibe akuwakumbuka. Ndipo Danielson yemweyo mu 2016 analengeza kuti wasiya chifukwa cha kuvulala kwa ubongo kobwera ndi kumenyetsa mutu mobwerezabwereza, anadzabwerera mu 2018 madokotala atamulola. Mu wrestling wopambana amakhala atasankhidwa kale, eya, aliyense akudziwa, koma kugwako sikwabodza. Ring si matiresi. Ndi zitsulo, pamwamba matabwa, kenako kasiponji kopyapyala ndi chinsalu, ndipo zingwe zija m'maring ambiri ndi waya wachitsulo wokutidwa, sabata yoyamba msana umachita mizeremizere yofiira. Miyezi yoyamba ku sukulu ya wrestling munthu saphunzira zodumpha kuchokera pamwamba zija, amaphunzira kugwa chagada chibwano atachigunditsa pachifuwa kuti nkhongo isamenye pansi, mobwereza mpaka kutopa, kwinaku akunyamula mipando ndi kumanga ring ya akuluakulu. Nde zimene mukuchita kuseri kwa nyumbazo popanda mphunzitsi musiye lero, makamaka zogwetsana chamutu. Darren Drozdov anapuwala mu 1999 mu ring ya WWE yeniyeni, ali ndi mnzake wophunzitsidwa bwino, kagwetsedwe kamodzi katalakwika pang'ono chabe. Inu mukulakwitsa kangati pa tsiku?

Kenako pali nkhani ya mapepala imene anyamata simuiganiza n'komwe. Kukamenya shoo yolipidwa kunja ndi ntchito, imafuna viza ya ntchito. Mike Bailey, wa ku Canada konkuja koyandikana ndi America, anagwidwa pa boda mu 2016 akupita kukamenya opanda viza yoyenera, anamuletsa kulowa mu America zaka zisanu. Ndiye ganiza za iwe ndi pasipoti yathuyi.

Tsopano chimene ine ndimakhulupirira, ndipo apa ndichedwapo. Taona anthu a ku Africa kuno amene anafika pamwamba, anadzera khomo liti. Kofi Kingston, wobadwira ku Ghana koma wokulira ku America, amene anatenga lamba wa WWE pa WrestleMania 35, shoo yaikulu ya pachaka ya WWE, mu 2019, anayamba wamaliza digiri ku Boston College n'kugwirako ntchito ya mu ofesi. Omos wa ku Lagos anadzera basketball ya ku koleji. Oba Femi, wa ku Nigeria nayenso, WWE inamupeza akuponya chitsulo cha shot put ku University of Alabama. Ngakhale pamene WWE inalengeza zodzasaka talente ku Lagos, imafuna anthu a masewero amphamvu ndi odziwa kuyankhula pagulu, osati amene analoweza kamenyedwe ka wrestling ka pa TV. Ndipo Britt Baker anatenga lamba wa azimayi ku AEW, kampani ina ya wrestling ya ku America, mu 2021 ali dokotala wa mano, masiku ena ali ku chipatala masiku ena mu ring. PJ Black wa ku Cape Town uja ankatchedwa Justin Gabriel ku WWE ndi amene anakuliramo, koma iyeyo bambo ake omwe anali wrestler ndi promota, ring inali pakhomo. Iwe pakhomo pali bambo ofuna accounting.

Ndiye sukulu si mdani wa maloto akowa, ndi imene idzawalipirire. Funso ndi lakuti kosi iti. Ndi mapointi 21, physiotherapy ya ku KUHeS mpikisano wake ndi woopsa ndipo imafuna masayansi amphamvu, usaikepo mtima wonse. Sports science ya ku MUST ku Thyolo yang'ana zofunika zake, ngati magiredi akulola iike pa fomu ya NCHE ikatuluka, chifukwa kumeneko uphunzira thupi, kadyedwe ndi kaphunzitsidwe, ndipo munthu wotero akhoza kudya za ukochi kapena za mu jimu ngakhale wrestling itakanika. Koma ukandifunsa ine chimene ndingakusankhire, ndi luso la manja kudzera ku TEVETA, kuwotcherera kapena zamagetsi, ku Lilongwe Technical College konkuno osapita kutali. Chifukwa chake n'chosavuta. Luso lotere umayenda nalo kulikonse, umagwira pakati pa sabata Loweruka uli mfulu, ndipo ukadzafuna kupita ku South Africa, kumene kuli ma promoshoni ndi aphunzitsi apafupi kwambiri ndi ife ngati ku Cape Town ndi ku Joni, udzapita ndi satifiketi ndi mapepala olongosoka osati kungokwera basi ndi chikwama kukagona pa khonde la achibale. Komanso wowotcherera akhoza kumanga felemu ya ring, chinthu chimene aliyense wofuna kuyambitsa ma shoo kuno adzachifuna asanafune wrestler aliyense.

Pambali pa kosiyo, lowa masewero enieni. Judo ukaipeza ndiye yabwino kwambiri chifukwa chinthu choyamba amaphunzitsa ndi kagwedwe, apo ayi nkhonya kapena kunyamula zitsulo pansi pa kochi wodziwa. Za jakisoni ndi mapiritsi okulitsa minofu amene amagulitsidwa mobisa m'majimu ena usayerekeze, amawononga mtima ndi chiwindi. Ulowenso gulu la zisudzo, inde zisudzo, chifukwa theka la ntchitoyi ndi kugwira maiki n'kupangitsa holo yonse kukuda kapena kukukonda, ndipo anyamata ambiri a minofu amagwa pomwepo, pakamwa pamangoti pululu. Foni ija mukujambulira isatayidwe, phunzira kudula mavidiyo bwinobwino. Anyamata ndi atsikana a Soft Ground Wrestling ku Mukono, Uganda, anadziwika dziko lonse mu 2024 akumenyera pa dothi lofewa ring yake ya nsungwi, zonse chifukwa cha mavidiyo a pa intaneti, mpaka ma wrestler otchuka akunja anawathandiza. Zimenezo zikusonyeza kuti khomo lilipo, koma usaiwale kuti malayiki sagula ufa.

Tsopano kwa inu bambo, poti ndikudziwa kalatayi muiona. Mantha anu ndi omveka ndipo pa zambiri mukunena zoona. Koma zoti accounting kapena achoke pakhomo, mwapindula nazo chiyani? Mwana wakhala chaka osaapulaya, ndiye phindu lake limenelo. Ndatopa nawo makolo amene amasankha kosi ngati akusankha okha ntchito, kenako mwana akalephera chaka chachiwiri fizi itapita amabwera kuno kudzadandaula. Accounting ndi yabwino kwa woikonda, ndipo kunena zoona wrestler wa ma indie amafunika kudziwa kuwerengera ndalama kuposa anthu ambiri, koma munthu wokokedwa ndi chingwe salimba nayo. Muuzeni kuti sukulu ndiye palibe kukambirana, koma kosi asankhe yekha, ndipo jimu mumulole. Mwana amene amadzuka 5 koloko kukathamanga si amene akuyenera kukudetsani nkhawa.

Mphwanga, sindikuuza kuti udzafika ku WrestleMania, mwayi wake ndi wochepa kwambiri ndipo ndikanakunamiza ndikanati ayi. Koma kumenya shoo yeniyeni mu ring yeniyeni pamaso pa anthu olipira pakhomo, zimenezo zikhoza kutheka ukadzakhala ndi luso lokudyetsa, thupi lokonzeka ndi mphunzitsi. Sabata ino pita ukafunse masiku a mafomu a TEVETA ndi a NCHE, uwalembe papepala, ukawaonetse bambo ako musanayambenso kukangana. Matiresi aja abwerere kuchipinda.